Zitete Zopanda Chivindikiro

Linali Loweruka, m'chilimwe. Ine ndinali kuseri kwa nyumba, ndikusenda chinangwa choti tikaviike. Kutentha kwa ku Karonga sikudikira masana. Ng'ombe zinali zitangotuluka m'makola, koma thukuta linali likuyenderera kale kumsana. Mayi anali pansi pa khola la nkhunda, akuwaza misere ya mpunga. Bambo anali pakhonde, akupopa njinga. Anali atavala malaya awo oyera a manja aatali, chifukwa amapita kumsika ku Uliwa.

Mayi wina anadutsa pabwalo la sukulu akuthamanga, mwana kumsana, wina akumukoka padzanja. Sanatipatse moni. Kumeneko munthu sadutsa pakhomo pa eni osapereka moni, ngakhale atafulumira chotani. Bambo anasiya pampu pansi n'kuimirira.

Ife sitinali a kumeneko. Kwathu ndi ku Ntcheu. Bambo anali mphunzitsi, ndipo anawatumiza kusukulu ina yaing'ono pakati pa Uliwa ndi Lupembe, kumtunda kwa msewu waukulu. Anthu ankangowatchula kuti asambizgi. Ine ndinali mu Sitandade 6, ndipo panyumbapo tinalipo atatu.

Inu amene munabadwa pambuyo pake khadi la chipani munangolimva. Linali kapepala kolimba, kokwana m'thumba la malaya. Popanda ilo sunkalowa mumsika, sunkakwera basi. Pachipata pankaima anyamata ovala zofiira, ena a iwo ndevu zisanamere n'komwe, ndipo akulu a imvi ankawavulira chipewa.

Chaka chimenecho anyamatawo anamenya mkulu wina wa m'mudzi woyandikana nafe. Anamumenyera pamsika, akamwini ake akuona. Patapita masiku, mmodzi wa anyamatawo anapezeka m'munda wa thonje, mkono uli wothyoka. Kuyambira pamenepo aliyense ankadziwa kuti kubwera lole ya anyamata ovala zofiira kudzabwezera. Palibe ankanena. Madzulo tinkangomva nkhwangwa ndi mikondo zikunoledwa kuseri kwa nyumba za anthu.

Nkhunda zinali za mayi. Chaka chathu choyamba kumeneko tinataya mlongo wanga Limbani, akadali wakhanda. Anaikidwa m'manda a eni mudzi, kutali ndi abale. Mayi anasiya kuyankhula. Ankadzuka dzuwa litakwera, n'kukhala pamphasa atayang'ana khoma. Patchuthi bambo anapita ku Ntcheu okha, n'kubwera ndi nkhunda ziwiri zotuwa, yaimuna ndi yaikazi. Anaziika pafupi ndi mphasa ija. M'mawa mwake mayi anadzuka kukazifunira madzi.

Zinaswana mpaka bambo anamanga khola lalitali la mitengo inayi. Mayi anayambanso kuseka, kuphika, kundikalipira. Koma ine ndi bambo tinkadziwa chimene chinawadzutsa. Tinkadziwanso kuti sangachoke pakhomopo n'kuzisiya.

Nkhunda ziwiri zija zinabwera m'chitete. Kwathu chitete ndi kakhola koluka ndi nsungwi, kotseka pamwamba, kokhala ndi kakhomo m'mbali. Mumanyamuliramo nkhuku kapena nkhunda paulendo. Chathucho chinali chaching'ono, ndipo chinali chimodzi chokha. Bambo atamva nkhwangwa zija, anaona kuti chimodzi sichikwana.

Bambo ankanyadira Chitumbuka chawo. Kunena zoona chinali Chichewa chomwechi, chongosintha malaya. Pamene pali "zi" iwo ankaikapo "vi", basi, n'kumayenda mapewa m'mwamba. Ana a sukulu ankasekera pansi pa madesiki. Choncho anapita kwa a Msiska, anansi athu, amene ankaluka ndi nsungwi, n'kukawauza kuti akufuna vitete viŵiri, vikuruvikuru. A Msiska anavomera.

Sanafunse kuti n'za chiyani, ndipo bambo sananene. Masiku amenewo munthu sunkanena kuti ukukonzeka ulendo. Mphunzitsi wokonzeka kuthawa ndiye kuti wamva kanthu, ndipo womva kanthu ankafunsidwa kumene wakamva. Bambo anapemphanso kuti akamaliza kuluka azisunge konko, zisaoneke pakhomo pathu. Anabwera kunyumba ali okhutira kuti akonza zinthu.

Loweruka lija utsi unayambira cha kumsewu. Poyamba unali woyera, wonga wa munthu wotentha mapesi. Kenaka unada. Tinamva injini ya lole, ikulira, ikuzima, ikuliranso. Tinamva wezulo. Tinamvanso nyimbo, nyimbo zomwezo zimene tinkaimba pamisonkhano, koma zoimbidwa mothamanga.

Amuna a m'mudzi anadutsa pabwalo la mpira kulowera kumene kunali utsiko. Ena anali ndi mikondo, ena nkhwangwa. Mmodzi anali ndi uta umene ndinkauona utapachikidwa kudenga kwawo, ndikumayesa chokongoletsera. Sankathamanga. Sankayankhulanso.

Mfuti inalira kamodzi. Nkhunda zonse zimene zinali pansi zinauluka nthawi imodzi. Zina zinalowa m'khola, zina zinakatera padenga la sukulu.

ANyaGondwe, akazi a a Msiska, anafika akupuma movutikira. Anali mayi wamfupi, wonenepa, wokonda nthabwala, amene ankandinena kuti ndimasenda chinangwa ngati ndikuchiopa. Tsiku limenelo sanaseke.

"Ŵakwiza," anatero. "Tiyeni ku mapiri, kwa ŵadumbu ŵane."

Ankanena kuti anyamata aja akubwera, tithawire kumapiri kwa alongo awo. Mwana wawo wamkazi analowa m'nyumba mwathu, anamanga zofunda ndi zovala mtolo umodzi, n'kutsogola nawo. Bambo anauza a Msiska, amene anafika pambuyo pa akazi awo, kuti nthawi ya zitete ija yakwana. A Msiska anathamangira kwawo.

Anabwera atazisenza pamutu, china m'kati mwa chinzake. Anazitula pamaso pa bambo. Anali madengu. Madengu awiri akuluakulu, otakata, olukidwa bwino, onyamulira chimanga kapena chinangwa. Pamwamba panali pululu. M'Chitumbuka chitete ndi dengu.

Bambo anawayang'ana nthawi yaitali. A Msiska anayang'ana bambo, anayang'ana makwerero amene anali atatsamira kale pakhola, kenaka anagwira pakamwa.

"Asambizgi, mukayowoya yayi kuti ni vya nkhunda."

Zoonadi, bambo sananene kuti n'za nkhunda. Anakwera makwerero.

Ankapisa dzanja m'khola, kugwira nkhunda, kupatsira mayi. Chitete chaching'ono chija chinadzaza msanga. Maunda, ana a nkhunda osatha kuuluka, tinawaika m'dengu ndipo anakhazikika. Koma zikuluzikulu ukaziika zinkatuluka. Ndinkaphimba ndi manja, imodzi n'kupulumukira kunkhwapa. Ndikagwira iyo, ina yapita. Tsiku lina tikanaseka mpaka kugwira m'mimba. Mfuti inaliranso, pafupi kuposa poyamba.

Mayi anamasula chitenje chapamwamba, n'kuphimba dengu limodzi. A Msiska anazunguliza luzi m'mbali. Tinkatukula kangodya, kulowetsa nkhunda, kutseka. Chitenjecho chinkatukumuka apa ndi apo. A Msiska atamanga mfundo yomaliza anathamangira kudambo kukakusa ng'ombe zawo.

M'khola munatha. Zotsala zinali padenga la sukulu, zitandandalika pamwamba penipeni. Pakati pa izo panali ziwiri zotuwa zija, zochokera ku Ntcheu. Mayi anaziitana. Zinapendeketsa mitu, koma sizinatsike.

Mayi anakhala pansi, pafumbi, atatambalitsa miyendo.

ANyaGondwe anawakoka mkono. Ine ndinalira. Mayi sanasunthe. Nkhope yawo inali ija ya pamphasa, ija yoyang'ana khoma, ndipo ndinaiopa kuposa mfuti.

Bambo anatsika. Anamasula mabatani a malaya awo mmodzimmodzi, osafulumira. Anavula, anayala malayawo pamwamba pa dengu lachiwiri, manja ake n'kuwamanga kunsi, n'kuzunguliza luzi lotsala. Anatulutsa nkhunda zonse m'chitete chaching'ono, kuzilowetsa pansi pa malayawo. Chitete chinatsala chopanda kanthu. Anachinyamula n'kugwada pafupi ndi mayi.

"ANambewe, tsogolani ndi mwana. Zikatera ndizigwira. Ndikupezani."

Mayi anawayang'ana m'maso. Bambo sankanama, ngakhale bodza laling'ono lothandiza. Khalidwe limenelo nthawi zina linkatitopetsa. Mayi anadzuka, anasansa fumbi, n'kusenza dengu la chitenje.

Ine anandisenzetsa la malaya. Titafika pangodya ya munda ndinacheuka. Bambo anali ataima pabwalo la sukulu, chifuwa chili pamtunda, misere ili m'dzanja. Ndinali ndisanawaonepo panja opanda malaya. Ankaitana nkhunda mmene amaitanira mayi, koma sankatha.

Tinadutsa m'minda ya chinangwa. Tinadutsa m'madimba a mpunga ouma, nthaka itang'ambikang'ambika, yotentha kumapazi. Kutsogolo kunali mayi, pakati ine, kumbuyo aNyaGondwe. Nkhunda zinkasuntha m'dengu ndipo katunduyo ankapendekera uku ndi uku. Ndinakweza dzanja kuti ndigwirire pamwamba.

Chala changa chinakhudza kanthu kolimba, ka ngodya zinayi, m'thumba la malaya.

Sindinafunike kuona. Bambo amapita kumsika m'mawa umenewo. Ndinaima pakati pa njira. ANyaGondwe anandigunda kumsana. Ndinatsitsa dengu, ndinasolola khadi pang'ono kuti aone.

Analiyang'ana. Anacheukira kumene tinachokera. Utsi tsopano unali m'malo atatu, ndipo umodzi unali kufupi ndi mitengo ya mango ya kusukulu. Anabwezera khadilo m'thumba ndi chala chawo. Anandisenzetsanso dengu, n'kundigwira pamkono mwamphamvu mpaka ndinamva kuwawa.

"Kuwelera yayi," ananong'ona. "Kuŵaphalira yayi amama ŵako."

Anandiletsa kubwerera, anandiletsanso kuuza mayi. Ankadziwa kuti mayi akamva abwerera okha. Kuyambira pamenepo sanandisiye mkono, ngakhale pamene njira inali yopapatiza.

Tinalowa m'mudzi wina wopanda munthu. Zitseko zinali zotsegula. Pabwalo panali mtondo, munsi uli momwemo, ndipo nkhuku zinali zitakwera m'mphepete zikujompha. Galu womangidwa pamtengo anatiyang'ana osauwa. ANyaGondwe anamumasula ndi dzanja limodzi tikudutsa.

Kutsogolo tinamva mapazi ambiri. Tinatsikira m'khwawa louma, pansi pa zitsamba zaminga. Tinapezamo amayi ena ndi ana awo, atagona chafufumimba pamchenga. Mayi wina anali atatseka pakamwa pa mwana wake ndi bere. Pamwamba pa khwawalo panadutsa anthu akuthamanga, ndipo kumbuyo kwawo wezulo.

Pamenepo nkhunda imodzi inayamba kulira m'dengu la mayi. Inzake inayankha m'dengu langa. Kulira kwa nkhunda n'kofatsa, koma m'khwawa muja kunamveka ngati ng'oma. Amayi aja anatitembenukira. Wina anapanga chizindikiro ndi manja awiri, chopotola khosi. Mayi anagonera dengu lawo ndi thupi lonse. Ine ndinagonera langa, tsaya lili pathumba lija. Malayawo ankamveka sopo ndi choko.

Mapazi anaima pamwamba pathu. Ndinaona nsapato imodzi yansalu, yong'ambika pachala chachikulu. Wina anafuula kutali. Nsapatoyo inatembenuka n'kupita.

Titatuluka tinakumana ndi bambo wina amene ankagulitsa usipa pafupi ndi sukulu. Anali atagwira khutu ndi chipewa, magazi akutsikira m'khosi. ANyaGondwe anamufunsa za asambizgi. Anapukusa mutu. Sindikudziwa ngati ankatanthauza kuti sanawaone kapena china.

Tinawoloka mtsinje madzi ali m'mawondo. Tinayamba kukwera. Miyala inkatsetsereka, ndipo khosi langa linali litachita dzanzi. Pamalo ena poyera mayi anatula dengu n'kutembenuka. Chigwa chonse chinali pansi pathu. Denga la malata la sukulu linkang'anima. Pambali pake, pamene panali nyumba yathu, panali utsi. Pamwamba pa utsiwo tinthu ting'onoting'ono tinkazungulira.

"Sizinatere," anatero mayi. Anasenzanso dengu.

Tinafika kwa a Gondwe, alongo a aNyaGondwe, dzuwa litapendeka. Anatipatsa madzi m'chikho, anatiyalira mphasa m'kanyumba kophikira. Anatipatsa kondowole ndi chigwada. Ndinadya, ndipo ndinachita manyazi kuti ndikutha kudya. Madengu tinawaika pamthunzi osamasula. Mayi anakhala pakhomo atayang'ana njira.

Anthu ankafikabe, awiriawiri, atatuatatu. Aliyense wotulukira m'mbali mwa phirilo ndinkayamba ndamuyang'ana pachifuwa. Onse anali ovala.

A Msiska anafika m'mawa mwake ndi ng'ombe zawo. Akazi awo anawatengera pambali, kenaka anabwera pa dengu langa n'kutulutsa khadi lija. Mayi anaona. Anayang'ana khadilo, anayang'ana malaya, anandiyang'ana ine. Sanafunse kuti tinadziwa liti. Analowa m'kanyumba kaja.

A Msiska anapisa khadilo m'kati mwa chipewa, n'kuvala. Sanamwe ngakhale madzi. Anatsika phiri.

Anabwera tsiku linzake. Ndinawaona ali patali, ndipo ndinaona kuti anyamula kanthu m'manja. Kumbuyo kwawo kunalibe munthu.

Anakhala pansi n'kufotokoza m'Chichewa chawo chodukaduka, kuti mayi amve zonse. Nyumba yathu inapsa, khola analigwetsa. Mkulu wina amene anabisala m'nthochi anaona zimene zinachitika. Anyamata aja anapeza bambo akuchoka pabwalo la sukulu. Anawafunsa khadi. Bambo anagwira pachifuwa, pamene pamakhala thumba. Ananena kuti ndi mphunzitsi wa pasukulupo. Anyamatawo anaseka, akuti mphunzitsi wanji woyenda chifuwa pamtunda tsiku la nkhondo. Anati wavula dala kuti amenye nawo. Anawakweza lole pamodzi ndi amuna ena a m'mudzi.

Asanakwere, bambo anapempha kuti atule katundu amene ananyamula. Anamuika pamthunzi, patsinde la mango. Mkulu uja anakamutenga lole itapita.

A Msiska anakankhira chitete chaching'ono chija patsogolo pa mayi. M'kati munali nkhunda ziwiri zotuwa. Zinali zamoyo.

Mayi sanazikhudze. Anaika manja onse awiri pamutu. Sanalire mokweza, chifukwa masiku amenewo wotengedwa pa lole sankaliridwa.

A Msiska anapita nalo khadi lija mpaka ku boma. Anauzidwa kuti lole inapitirira kummwera. Aphunzitsi aakulu anafunsa kamodzi, n'kulangizidwa kuti asafunsenso. Tinakhala kuphiriko mpaka mvula yoyamba. Masiku onsewo a Msiska ankakhala pansi pa mtengo, akung'amba nsungwi. Analuka zivindikiro ziwiri zokwana bwino pa madengu aja. Palibe anawatuma, ndipo palibe anawaletsa.

Ndinawakwiyira mayi. Ndinakwiyira nkhunda, ndinakwiyira a Msiska, ndinakwiyira aNyaGondwe ndi dzanja lawo lolimba lija. Ndinakwiyiranso bambo ndi Chitumbuka chawo. Anyamata ovala zofiira ndi amene ndinachedwa kuwakwiyira, chifukwa ngakhale mumtima tinkawaopa.

Tsiku lobwerera ku Ntcheu mayi anasiya nkhunda zonse kwa aNyaGondwe, pamodzi ndi zotuwa zija. Anawapempha kuti azikalambula pamanda a Limbani. ANyaGondwe anatiperekeza mpaka pamsewu, ndipo basi itaima anandigwiranso pamkono pomwe paja, koma mofatsa.

Mayi anakhala ndi moyo mpaka anaona ana anga. Sanabwererenso pamphasa. Ankalima, ankagulitsa mbatata, ndipo anandiphunzitsa mpaka ndinamaliza sukulu. Zinthu zitasintha m'dziko, amuna ena amene anatengedwa zaka zimenezo anayamba kutulukira kwawo, okalamba, opanda mano. Mayi ankati akamva basi yaima pamsewu, ankasiya khasu n'kuimirira. Anachita zimenezo mpaka chaka chimene anamwalira. Bambo sanatsikemo.